Mwalipira mfutiyo, koma chidindo cha pakauntala si laisensi

Bambo, mwalemba kuchokera ku Germiston m'dziko la South Africa, kumene muli ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale komanso laisensi ya pisitolo ya CZ 75 yodzitetezera. Mukuti mkulu wina amene mumakumana naye kumalo ophunzirira kuwombera wakugulitsani mfuti yakale ya Webley Mk VI ndipo wakulonjezaninso Browning Hi-Power mukadzapeza ndalama. Alamu anu anakulangizani kuti mungolemberana kalata yolumbira n'kukaidinditsa kupolisi, ndipo mutachita zimenezo munatenga Webley ija n'kukaitsekera m'bokosi lanu lachitsulo. Koma mutapita kukapempha laisensi, wapolisi woona za mfuti anakuuzani kuti mukhoza kumangidwa. Mukufunsa kuti zingatheke bwanji munthu kumangidwa chifukwa cha katundu amene anagula ndi ndalama zake, apolisi omwewo akuona.

Wapolisiyo sanali kungokuopsezani. Lamulo loyendetsa nkhaniyi ndi Firearms Control Act, nambala 60 ya mu 2000, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2004, ndipo gawo 3 la lamuloli limaletsa munthu kukhala ndi mfuti popanda laisensi kapena chilolezo cha mfuti imeneyo. Yang'anani khadi ya laisensi yanu. Mupezapo dzina lanu, nambala ya chiphaso chanu, mtundu wa mfuti, kukula kwa chipolopolo chake, ndi nambala yomwe inadindidwa pachitsulo cha mfutiyo. Khadi imeneyo ndi ya CZ 75 imodziyo basi, ndipo siikupatsani ufulu uliwonse pa mfuti ina ngakhale mutaigula mwachilungamo chotani. M'malamulo a kumeneko, kukhala mwini mfuti ndi kuloledwa kuisunga ndi nkhani ziwiri zosiyana. Ndalama zanu mwina zakupatsani umwini, malinga ndi mmene munalembera mgwirizano wanu, koma kusunga kumadikira laisensi yochokera ku Central Firearms Registry ku Pretoria.

Pamene ndikufuna kukhalitsa ndi pa chidindo chija, chifukwa ndi pamene ndaona anthu osamala, opanda mbiri iliyonse ya umbanda, akugwera m'milandu yoopsa. Wapolisi amene amakhala pakauntala yolandirira anthu akadinda kalata yolumbira, amangochitira umboni kuti inu munaonekera pamaso pake, munalumbira, ndipo munasaina. Iye sanena kuti zolembedwazo ndi zololedwa, ndipo kawirikawiri saziwerenga n'komwe. Amene ali ndi udindo pa nkhani za mfuti papolisi ndi wina, wotchedwa Designated Firearms Officer, amene anthu amangomutchula kuti DFO, ndipo ofesi yake imakhala yapadera. Chimandikwiyitsa n'chakuti wapolisi wa pakauntala amatha kuona mawu akuti mfuti papepala, n'kudinda, osamuuza munthu kuti apite kaye kwa DFO, pamene ofesiyo nthawi zambiri ili m'nyumba yomweyo. Komabe kusasamala kwa wapolisi ameneyo sikudzakhala chitetezo chokwanira kwa inu m'khoti.

Zikadatheka kuti Webley ija ikhale m'nyumba mwanu movomerezeka. Malamulo a mu 2004 otsagana ndi lamulo lija, pa ndime 86, amalola munthu amene ali kale ndi laisensi kusunga mfuti ya mnzake, ngati mwini laisensi ya mfutiyo wapereka chilolezo cholembedwa, DFO wachivomereza ndi kusainira, ndipo mfutiyo ikutsekeredwa m'bokosi lachitsulo lovomerezeka pamalo otchulidwa m'chilolezomo. Chilolezo chimenechi ndi chosungira chabe, sichikulolani kuyenda nayo kapena kukaiwombera panokha. Inuyo munali ndi laisensi, munali ndi bokosi, munalinso ndi kuvomereza kwa mwiniwake, ndipo chinasowa ndi saini ya DFO yokha. Pepala limene muli nalo tsopano, m'malo mokutetezani, likhoza kukhala umboni wa boma, pakuti lili ndi saini yanu, tsiku, nambala ya mfuti, ndi mawu anu olumbira akuti munailandira. Ndaonapo munthu akutulutsa kalata yotere monyadira pamaso pa wapolisi wofufuza, akuganiza kuti ikuthetsa nkhani, pamene akupereka m'manja mwa woimira boma zonse zimene akanavutika kuzitsimikizira.

Chilango cha kusunga mfuti popanda laisensi chimafika zaka 15 m'ndende. Pa Webley, yomwe ndi revolver, woweruza ali ndi mpata woyang'ana mmene zinthu zinayendera. Pa Browning Hi-Power nkhani imakula, chifukwa pisitolo imeneyi imadzilowetsera yokha chipolopolo china ikangowombera, ndipo lamulo la Criminal Law Amendment Act la mu 1997 limaika zaka 15 ngati chilango choyambira kwa wopezeka ndi mfuti yotere mosaloledwa, ngakhale ukhale mlandu wake woyamba, pokhapokha khoti litapeza zifukwa zamphamvu zochepetsera. Nchifukwa chake Hi-Power ija musailandire m'njira imene munalandirira inzake. Kuwonjezera apo, gawo 103 limachititsa kuti wopezeka wolakwa pa mlandu wotere aonedwe kuti ndi wosayenera kukhala ndi mfuti, pokhapokha khoti litagamula mwina, zomwe zikutanthauza kuti CZ 75 yanu nayonso mukhoza kulandidwa. Mkulu amene anakugulitsaniyo nayenso ali pangozi, chifukwa kupereka mfuti kwa munthu wosaloledwa kuisunga ndi mlandu pansi pa gawo 120. Kwa inu amene si nzika, mlandu waukulu ukhozanso kudzutsa mafunso pa mapepala anu okhalira m'dzikomo.

Mwina alamu anu anakuuzaninso kuti mfuti yakale chonchi siwerengedwa. Webley Mk VI inayamba kugwiritsidwa ntchito ndi asilikali a Britain mu 1915, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo n'zomveka kuti munthu wokonda mbiri angaikhumbe. Koma imalandira zipolopolo za .455 ndipo imapha lero monga inkaphera nthawi imeneyo. Mfuti zimene lamulo limaziika padera ndi zija zothirira onga kukamwa, ngati gogodera wa makolo athu, ndipo nazonso zili ndi zofunika zake. Ukalamba wokha suchotsa revolver m'gulu la mfuti zofuna laisensi. Alamu anu ayenera kuti anali ndi cholinga chabwino, koma analangiza ngati mukugulana njinga, ndipo sadzakhala nanu m'bokosi la woimbidwa mlandu.

Choyenera kuchita msanga ndi kuonana ndi loya wa kumeneko wodziwa za mfuti, maso ndi maso, musanalembe kapena kusaina china chilichonse kupolisi. Gawo 35 la malamulo aakulu a dzikolo limapatsa munthu womangidwa ufulu wokhala chete ndi wolankhula ndi loya, ndipo kugwiritsa ntchito ufuluwo si mwano. Musaitenge Webley ija n'kuyenda nayo pagalimoto nokha, ngakhale ulendo wake ukhale wopita kupolisi, chifukwa mukaimitsidwa pamsewu mulibe pepala loonetsa. Musaiwombere ndipo musasunge zipolopolo zake, pakuti gawo 90 limaletsa kukhala ndi zipolopolo za mfuti imene mulibe laisensi yake, ndipo umenewo ndi mlandu wina pawokha. Njira imene loya wanu angathe kukambirana ndi DFO ndi yakuti mwini laisensi adzaitenge yekha n'kuibwezera m'bokosi lake, kapena kuti ikasungidwe kwa wogulitsa mfuti wovomerezeka. Musayerekeze kulemba chilolezo chosungira n'kuikapo tsiku lam'mbuyo, chifukwa pamenepo mwawonjezera mlandu wa chinyengo. Kubweza mfutiyo sikufufuta masiku amene inakhala kwanu, ndipo kuimba mlandu kapena kusaimba kuli m'manja mwa oimira boma. Sindingakulonjezeni kuti nkhaniyi ithera pomwepo, ngakhale kuti munthu amene anapita yekha kukapempha laisensi n'kukonza cholakwacho mwachangu amakhala ndi poyambira pabwinopo kusiyana ndi wogwidwa pamsewu.

Musanapitirire ndi malondawo, onani khadi ya laisensi ya mkuluyo ndi maso anu, muyerekeze nambala ya pakhadi ndi ya pamfuti, ndipo muone tsiku lothera. Laisensi yodzitetezera ya gawo 13 imakhala zaka 5, pamene za magawo 15, 16 ndi 17 zimakhala zaka 10, ndipo gawo 24 limafuna kuti pempho lokonzanso liperekedwe kutatsala masiku osachepera 90 kuti laisensiyo ithe. Mu June 2018 khoti la Constitutional Court, pa mlandu wa bungwe la South African Hunters and Game Conservation Association, linagamula kuti magawo amenewa ndi ogwirizana ndi malamulo aakulu, kutanthauza kuti laisensi ikatha yatha. Mu May 2022, pa mlandu wa kampani ya Fidelity Security Services, khoti lomwelo linanena kuti amene laisensi yake yatha sataya umwini ndipo akhoza kupempha laisensi yatsopano ya mfuti yomweyo, koma chigamulochi sichinapereke chilolezo chongoisunga popanda pepala. Ngati mkuluyo akadali ndi laisensi yakale yobiriwira ya lamulo la mu 1969, imeneyo ili ndi mbiri yakeyake ya m'makhoti kuyambira mu 2009, ndipo loya aione musanadalire. Tsiku lothera la CZ 75 yanu mulionenso lero.

Tsono za kusonkhanitsa mfuti zimene mumazikonda. Gawo 13 limalola mfuti imodzi yokha, ndipo malo amenewo yatenga kale CZ 75. Gawo 15, la osaka kapena owombera mwa masewera mwa apo ndi apo, limalola mfuti ya m'manja imodzi, ndipo zonse pamodzi ndi ya gawo 13 siziyenera kupitirira zinayi. Mukaika Webley pamenepo, Hi-Power isowa malo. Gawo 16 ndi la odzipereka pa masewerawa amene ali mamembala a bungwe lovomerezeka. Koma ngati chimene chikukukokani ndi mbiri ya mfutizi, gawo lanu ndi 17, la osonkhanitsa. Pamenepo muyenera kukhala membala wa bungwe la osonkhanitsa lovomerezeka ndi apolisi, ndipo bungwelo liyenera kuvomereza kuti mfutiyo ndi yoyenera kusonkhanitsidwa chifukwa cha mbiri yake, luso la kapangidwe kake, kusowa kwake kapena zifukwa zina zotchulidwa m'lamulo. Amayembekezera kuti mukhale ndi mutu womveka wa zimene mukusonkhanitsa. Kwa inu mutuwo ulipo kale, chifukwa Webley ndi Hi-Power, yomwe inatuluka mu 1935 ku Belgium, zonse zinakhalapo mfuti za m'chiuno za asilikali a Britain pa nthawi zosiyana. Satifiketi yanu yosonyeza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti iyeneranso kugwirizana ndi gawo limene mukupempha.

Mfuti iliyonse imafuna fomu yakeyake ya SAPS 271, ndipo wogulitsa ali ndi mbali yake yoti alembe ndi kusaina. Kalata yofotokoza chifukwa chimene mukuifunira muilembe mwatsatanetsatane, chifukwa mapempho ambiri amene ndaona akukanidwa anagwera pa mizere iwiri yolembedwa mothamanga. Chilichonse chimene mwapereka kwa DFO chikhale ndi kope yanu, ndipo risiti muisunge, pakuti mafayilo amasochera ndipo akasochera amafunsa inuyo. Akakukanani, muli ndi masiku 90 ochitira apilo ku Appeal Board, ndipo musadikire kuti wina akukumbutseni. Yankho limatha kutenga miyezi ingapo, choncho mgwirizano wanu ndi mkuluyo ulembedwenso, unene kuti mfuti ikhala kwa iye kapena kwa wogulitsa wovomerezeka kufikira khadi yanu itatuluka, kuti ndalama zidzabwezedwa ngati laisensi yakanidwa, komanso chimene chidzachitike ngati iye atamwalira nkhani isanathe. Mfuti ya womwalira imalowa m'chuma chamasiye n'kuyang'aniridwa ndi munthu wosankhidwa ndi Master of the High Court, ndipo achibale amene sanadziwe za malonda anu akhoza kukana kuti munalipira. Kusinthana mfuti ndi mnzanu kumatsata njira yomweyi mbali zonse ziwiri, aliyense kudikira laisensi yake asanagwire ya mnzake.

Mwatchulanso kuti mukufuna kudzapita nazo kumudzi mukadzapuma ntchito. Laisensi ya South Africa imathera m'malire a dzikolo. Kutulutsa mfuti kumafuna chilolezo chopempha pa fomu ya SAPS 520, kuilowetsa m'Malawi kumafuna chilolezo cha apolisi a ku Malawi pansi pa lamulo la mfuti la dziko lathu, ndipo ulendo wa pamsewu wodutsa ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza umakulowetsani m'Zimbabwe ndi m'Mozambique, kumene dziko lililonse lili ndi zilolezo zake. Musadzaipatse woyendetsa basi kapena wonyamula katundu, ndipo mapepala a ku Malawi muyambe kuwafunsa kulikulu la apolisi ku Lilongwe mfutiyo ikadali yotsekeredwa ku Germiston.