Kodi kanema wa kamera ya m'galimoto ndingamuonere bwanji pa TV?

FUNSO: Ndimayendetsa takisi pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay, ndipo bwana wanga anaika kamera pagalasi lakutsogolo. Posachedwapa lole ina inakhula chitseko cha galimotoyi n'kuthawa, ndipo kamerayo ndinaichotsa tsiku lomwelo. Ndikufuna kuwaonetsa bwana zimene zinachitika, koma kasikirini kake n'kakang'ono ngati bokosi la machesi. Ndinagula chingwe cha AV, koma nditachilumikiza ku TV palibe chikuoneka. Kodi ndalakwitsa pati? Dalaivala, Salima

YANKHO: Pepani bambo ndi zimene zinakuonekerani. Munachita bwino kuichotsa msanga, chifukwa memori khadi ikadzaza, makamera amenewa amafufuta kanema wakale n'kujambulapo watsopano.

Yambani mwawerenga zimene zalembedwa pambali pa kabowo ka pa kamera kamene mwalowetsamo chingwecho. Ngati palembedwa kuti AV IN, kabowoko n'kolandirira kamera yakumbuyo kwa galimoto, ndipo sikangatumize chilichonse ku TV ngakhale mutasintha zingwe khumi. Kofunika n'kamene kalembedwa kuti AV OUT kapena TV OUT, ndipo si makamera onse amene ali nako.

Ngati kalipo, mutu wachikasu wa chingwe, umene umanyamula zithunzi, ulowe pabowo lachikasu kumbuyo kwa TV, pamene woyera ndi wofiira ndi ya mawu. Kenako dinani batani la Source kapena Input pa rimoti n'kusankha AV. Kamerayo muilumikize ku chaja ya foni ya mavoti 5, popeza batire lake silikhalitsa ikachoka m'galimoto, ndipo muiike pa Playback kuti izionetsa makanema amene inajambula kale.

Zikakanikabe, vuto limakhala kumutu waung'ono wolowa mu kamera. Ina ndi ya mamilimita 2.5, ina 3.5, komanso timizere ta pamutupo sitilumikizidwa mofanana m'zingwe zonse, moti zithunzi zimatha kutulukira kumutu wofiira. Yesani kulowetsa wofiirawo, kenako woyera, pabowo lachikasu. Palibe chimene chingapse. Zithunzi zikabwera zopanda mtundu kapena zikumathamanga chokwera, sankhani PAL m'malo mwa NTSC (njira ziwiri zotumizira zithunzi ku TV) pa menyu ya kamera, chifukwa PAL ndi imene timagwiritsa ntchito kuno ku Malawi.

Komabe ndisakubisireni, ngati cholinga ndi kuwerenga nambala ya loleyo, chingwechi chikhoza kukukhumudwitsani. Chimangonyamula mizere 576 ya chithunzi pamene makamera ambiri amajambula mizere 1080, choncho manambala amaoneka mwachimbuuzi. Ine ndikadachotsa memori khadiyo kamera ili yozimitsa, n'kuiika mu kadi rida (kachipangizo kowerengera memori khadi), n'kuilowetsa pa USB ya TV kapena pa kompyuta. Mukatero mukopere fayiloyo pa fulashi musanaipereke kwa bwana kapena kupolisi, ndipo muonenso ngati tsiku ndi nthawi zimene zikuoneka pakona ya kanemayo zili zolondola.