Chifukwa chake God of War simuipeza pa Xbox

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji God of War ndi Spider-Man simukuzipeza pa Xbox yanu. Simuzipeza ndithu, magemu amenewa amapangidwa ndi ma studio a Sony, kampani yopanga PlayStation, Santa Monica Studio ndi Insomniac, ndiye iwo amawasunga dala kuti munthu akaona mnzake akusewera nayenso mtima ukhale dyokodyoko mpaka akagule PlayStation. Pa makinawo sapindula kwambiri, ndalama yeniyeni imabwera mukayamba kugula magemu ndi kulipira PS Plus, umembala wosewerera pa intaneti pa PlayStation.

Microsoft, mwini wa Xbox, nayo inabwezera, inagula kampani ya magemu ya Bethesda mu 2021 kenaka Activision Blizzard, eni ake a gemu ya Call of Duty, mu 2023 pa ndalama pafupifupi $69 biliyoni, anthu tinachita mantha kuti Call of Duty ichoka pa PlayStation koma anasainirana ndi Sony kuti ikhalapo zaka 10. Panopa Xbox ikuchita kugawa magemu ake, Sea of Thieves inafika pa PS5 (PlayStation 5) mu 2024, gemu ya mpikisano wa magalimoto ya Forza Horizon 5 mu 2025. Ine zinandiwawa pang'ono, Xbox yanga ndinaigulira Forza yemweyo nditasunga ndalama miyezi, kenaka ndikuona mnzanga akuyendetsa galimoto lomwelo ku Mexico wa m'gemuyo pa PS5 yake.

Ngati muli ndi kompyuta yamphamvu, God of War ya 2018 inatuluka pa PC mu 2022, mutha kuyambira pamenepo. Koma Mario Kart ndi Zelda iwalani, Nintendo sagawana ndi munthu, pafunika makina ake a Switch basi.