Funsani Amakanika: Kodi Rebore Imawonjezera Mphamvu ya Injini?

Funso: Akuluakulu, ndili ndi Toyota Altezza RS200 ya giya ya manja, injini yake ndi 3S-GE. Yayamba kudya oyilo ndipo ikutulutsa utsi wabuluu ndikaponda kwambiri. Pagalaja ina ku Biwi andiuza kuti tikulitse mabowo a silinda ndi milimita imodzi yathunthu, ati galimoto iziuluka. Ndilole? – Wowerenga wa ku Area 25

Yankho: Achimwene, rebore, kutanthauza kukulitsa mabowo a silinda komwe akunenako, ndi mankhwala a injini yotha. Mphamvu yomwe imawonjezera ndi yochepa kwambiri, ndipo masamu ake ndi awa. Bowo la silinda la 3S-GE ndi mamilimita 86, pisitoni imayenda mamilimita 86, zonse pamodzi 1998 cc. Mukakulitsa kufika pa 86.5 mupeza 2021 cc. Mukafika pa 87 yomwe akunenayo mupeza 2045 cc, kutanthauza kuti mwaonjezera 47 cc basi. Pa injini yomwe Toyota inailembera mphamvu ya mahatchi (horsepower) 210, phindu lake silingapose mahatchi anayi kapena asanu. Simungawamve n'komwe pokwera kamtunda ka ku Kanengo. Chomwe anthu amamva akatulutsa galimoto kugalaja ndi mphamvu yakale yomwe inkathawira m'mbali mwa maring'i otha. Kumbukiraninso kuti Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, mpweya wake ndi wopepukirapo, ndiye injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yomwe ingapereke m'mbali mwa nyanja yamchere. Palibe rebore yomwe ingabweze zimenezo.

Musanavomere kanthu, ayambe ayeza kompuresheni, kenako athire kaoyilo pang'ono m'silinda n'kuyezanso. Ikakwera, vuto ndi maring'i kapena makoma. Ikapanda kusintha, yang'anani mavavu, chifukwa utsi wabuluu umabweranso ndi timasilo ta mavavu touma, ndipo iyo ndi ntchito ya pa hedi yokha.

Ngati ndi makoma, buloko itsukidwe ndi kuyezedwa ndi dial bore gauge, chipangizo choyezera kukula kwa bowo, osati kumangopapasa ndi chikhadabo. Silinda iliyonse amaiyeza pamwamba, pakati ndi pansi, mopingasa ndi motsata crankshaft, chitsulo chozungulira chomwe mapisitoni amatembenuza, popeza imatha kwambiri kumtunda komwe ring'i yoyamba imatembenukira. Miyezo ikakhala mkati mwa malire a m'buku la injiniyo, kuhona (honing, kupala makoma pang'ono ndi miyala yonolera) ndi maring'i atsopano n'kokwanira. Ikapitirira, sankhani saizi yaing'ono yomwe ingachotse zokandikazo, makamaka kukulitsa ndi mamilimita 0.50. Kulumphira ku milimita yathunthu n'kudya mbewu: khoma limapyapyala, limagwedera injini ikakwiya, ndipo tsiku lomwe idzathenso simudzakhala ndi potsala pokulitsa. Amene akufunadi 87 ayezetse kaye kukhuthala kwa makoma ndi chipangizo cha sonic, chifukwa mabuloko sawumbidwa mofanana ndendende.

Pano ndiye pamene ambiri amagwera. Mapisitoni agulidwe kaye, afike m'manja, ndiyeno wamakina ayeze iliyonse ndi micrometer, choyezera cholondola kwambiri, pa siketi yake (mbali yake yakumunsi) n'kukulitsa bowo motsatira pisitoniyo. Kukulitsa bowo mapisitoni akadali m'njira kuchokera ku Johannesburg kapena ku Japan n'kusoka malaya mwini wake simunamuone. Makina aime patatsala mamilimita ngati 0.08, otsalawo amalizidwe ndi honing, yomwe imasiya timizere topingasana pa madigiri pafupifupi 45 tosunga oyilo. Ngati ali ndi torque plate, chitsulo chomangidwa pamwamba pa buloko m'malo mwa hedi, aigwiritse ntchito, chifukwa mabawuti a hedi akamangidwa bowo limapotoka pang'ono. Mpata wa pakati pa pisitoni ndi khoma umadalira mtundu: mapisitoni wamba amafuna mamilimita 0.02 mpaka 0.04, pomwe ena a forged (osulidwa, osati oumbidwa) amafuna kufika 0.08 kapena 0.10 poti amafufuma kwambiri akatentha. Tsatirani pepala lomwe labwera m'bokosi. Kupereka mpata wa pisitoni wamba kwa ya forged, injini imagwira musanafike pa Bunda Turn-off.

Maring'i nawo musangowaveka. Lowetsani iliyonse m'silinda yake, muikankhe ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale mowongoka, muyeze mpata wa kumapeto kwake ndi feeler gauge, timalata topyapyala toyezera mipata. Pa bowo la 86.5, ring'i yapamwamba imafuna mamilimita pafupifupi 0.35, yachiwiri yokulirapo pang'ono. Mpata ukachepa, nsonga zimagundana injini ikatentha, ring'i imakanda khoma kapena kuthyola mutu wa pisitoni. Gasiketi ya hedi ikhale ya bowo losachepera silinda yatsopanoyo, apo ayi mkombero wake umalendewera m'moto n'kupsa.

Chomaliza ndi chotopetsa koma chimapha injini zambiri kuno kwathu: kutsuka. Petulo kapena palafini sachotsa mchenga wa honing. Pamafunika madzi otentha a sopo ndi bulashi, mpaka kansalu koyera kopaka oyilo kazituluka kosada, kenako mupake oyilo msanga dzimbiri lisanagwire. Ndipo injini isamangidwire panja pansi pa mtengo m'miyezi ya fumbi ngati Ogasiti.

Funso: Mnzanga akuti ndiike crankshaft ya 5S-FE mu 3S-GE kuti ifike malita 2.2. N'zotheka? – Wowerenga wa ku Kawale

Yankho: N'zotheka, ndipo apa kusintha mungakumve. Crankshaft ya injini ya 5S-FE, yomwe inali m'ma Camry ndi ma Celica ena, imayendetsa pisitoni mamilimita pafupifupi 91, ndiye pamodzi ndi bowo la 87 mumapeza 2164 cc ndi mphamvu yokoka bwino injini isanalire kwambiri. Koma sikungochotsa ina n'kuika ina. Malo omangapo ma conrod, zitsulo zolumikiza pisitoni ndi crankshaft, ndi onenepa kuposa a 3S, choncho pafunika kuwasema kapena kugula ma conrod ake, komanso mapisitoni opangidwira ntchitoyi, apo ayi pisitoni itulukira pamwamba pa buloko n'kumenya hedi. Zonse zozungulira zipite kukazilinganiza kulemera. Pa 7,600 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) pisitoni izithamanga mamita 23 pa sekondi m'malo mwa 21.8, ndiye mabering'i ndi mabawuti a conrod akhale abwino. Kompyuta ya injini iyeneranso kukonzedwa kuti ipereke mafuta okwanira. Injini ya Altezza ya giya ya manja kompuresheni yake ndi 11.5 kale, inapangidwira petulo wa octane yokwera wa ku Japan. Mukaonjezera kompuresheniyo mosawerengera, makamaka ngati hedi inapalidwaponso, izigogoda m'nyengo yotentha ya Okutobala mpaka kuboola pisitoni.

Funso: Nanga injini ya 2ZZ-GE ya mu RunX RSi tingaipange rebore? – Wowerenga wa ku Area 47

Yankho: Ayi bwana, osati monga timachitira ndi buloko yachitsulo. Buloko yake ndi ya aluminiyamu, ndipo makoma a silinda ndi kachigawo kopyapyala kolimbitsidwa mwapadera. Mukakadula, kolimbako kamatha. Njira yake ndi kuikamo ma sleeve, timapaipi tachitsulo tokhala makoma atsopano a silinda, ntchito yodula yofuna makina olondola kwambiri, kapena kupeza buloko ina yabwino.

Funso: Ndangomangitsa injini. Ndiiyendetse bwanji masiku oyamba? – Wowerenga wa ku Mchesi

Yankho: Thirani oyilo wamba wa mineral, osati synthetic, kuti maring'i akhazikike pamakoma. Mukailiza, onetsetsani kuti nyali ya oyilo yazima m'masekondi ochepa ndipo palibe podontha, ikatentha tulukani nayo pamsewu. Musaisiye ikulira pamalo amodzi kwa ola lathunthu monga ena amachitira, chifukwa makoma amasalala ngati galasi ndipo idzadya oyilo moyo wake wonse. Pitani pa Bypass nthawi yopanda magalimoto ambiri, muziponda mwapakatikati pa giya yachitatu kuchoka pa 2,000 kufika 4,000 rpm, n'kuchotsa phazi kuti injini ibweze yokha galimoto, kangapo konse. Sinthani oyilo ndi fyuluta pa makilomita 500, n'kusinthanso pa 1,500, ndipo singano ya rpm isafike pofiira musanasinthe kachiwiriko.