Amalume, nyumba ya mawindo ija si tchalitchi

Amalume, mwaswera bwanji? Ndaona funso lanu pa gulupu, loti nyumba ili pa chithunzi ndinaponya chija ndi tchalitchi kapena hotela, nanga mawindo achulukiranji chonchi. Ayi, ndi nyumba yokhalamo ndithu, ndipo anamangitsa ndi mzimayi. Dzina la nyumbayi ndi Hardwick Hall, ili kuno ku England, m'dera la Derbyshire kufupi ndi tauni ya Chesterfield. Mukamadutsa pa msewu wa M1 mumaionera patali, ili pa chitunda.

Mwini wakeyo ankatchedwa Bess of Hardwick. Anakwatiwa kanayi, ndipo mwamuna akamwalira chuma chinkangoonjezekera. Womaliza, Earl of Shrewsbury, anamwalira mu 1590, chaka chomwecho ntchito inayamba, mayi nkulowamo mu 1597. Pulani anajambula ndi Robert Smythson.

Tsono za mawindozo. Nthawi imeneyo galasi linali lodula koopsa, ndiye kudzaza khoma ndi magalasi kunali kuuza wodutsa aliyense kuti ndalama zilipo. Matama basi, amalume. Koma takulitsani chithunzicho muone bwino. Mawindo apansi ndi aafupi, apakati otalikirapo, apamwamba ndiye aatali zedi. Pansi pankakhala antchito ndi khitchini, pakati mayiyo ndi banja lake, pamwamba zipinda zolandiriramo alendo olemekezeka. Ndiye mlendo azikwera masitepe amiyala mpaka wefuwefu asanafike pokhala. Mawindo ena ndi onamizira, kumbuyo kwake kuli khoma, anangowaika kuti mbali ziwiri zifanane. Pamwamba pa nsanja zake 6 pali zilembo zamiyala, ES, kuimira Elizabeth Shrewsbury, dzina la Bess yemweyo. Eee, mayi ameneyu sankafuna kuti wina afunse kuti mwini ndani.

Koma ine kukhalamo ayi. Magalasi onsewo ndi kuzizira kwa kuno? Nsalu zokhuthala zimene anapachika m'makomazo sikunali kukongoletsa kokha.

Achimwene anafunsanso kuti bwanji osaikonza ioneke yamakono. Sizingatheke chisawawa. Kuno boma lili ndi kaundula wa nyumba zakale zotetezedwa, ndipo iyi ili mu Grade I, gulu lapamwamba kwambiri. Kusintha ngakhale windo limodzi popanda chilolezo ndi mlandu. Kuyambira 1959 amaisamalira ndi a National Trust, bungwe losamalira malo akale, ndiye anthu amalipira pakhomo nkulowa kukaona. Mupereke moni kwa azakhali.