Zithunzi Zanga Zikuchita Ming'alu

Funso: Ndimajambula ndi penti wa mafuta. Mwezi wamawa aluso a mumzinda mwathu tili ndi chionetsero, koma zithunzi zanga zikuchita ming'alu. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Kawirikawiri vuto limakhala kuchulutsa mafuta pa penti woyamba. Wapansiyo amachedwa kuuma, ndiye wapamwamba akauma msanga amang'ambika ngati dothi la m'chilimwe. Yambani ndi penti wopyapyala, wosungunula ndi tapentaini, ndipo mafuta a linseed muziwonjezera pang'onopang'ono pa penti aliyense wobwera pamwamba. Nsalu yojambulapo muyambe mwaipaka gesso (penti woyera wotetezera nsalu) kawiri kapena katatu, apo ayi mafuta amaoletsa ulusi.

Vanishi musapake panopa, dikirani miyezi 6. Pa chionetserochi jambulani ndi akiriliki, penti wosungunula ndi madzi: wopyapyala amauma pasanathe mphindi 30. Mukamapuma viikani burashi m'madzi, chifukwa pentiyo akaumirapo, burashiyo yatha ntchito.