Za HALEU ndi lipoti la chilengedwe la ku America: yankho kwa achemwali amene afunsa

Achemwali, mwafunsa zinthu ziwiri. Mwawerenga kuti boma la America lamaliza kuunika momwe kupanga mafuta atsopano a yureniyamu otchedwa HALEU kungakhudzire chilengedwe, ndipo lipoti lati vuto ndi lochepa. Mukufuna kudziwa ngati zimenezi zikutanthauza kuti ntchitoyi ndi yotetezeka, komanso ngati mafutawa si omwe aja opangira mabomba. Ine ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale ndipo nkhaniyi ndakhala ndikuitsatira, ndiye mundilole nditalikitseko, chifukwa inde kapena ayi yekha angakusocheretseni.

Tiyambire pa mafutawo. Tikuti mafuta, koma si amadzi ngati dizilo. Yureniyamu akatuluka m'nthaka amakhala wa mitundu iwiri yosakanikirana. Wochulukayo ndi U-238, ndipo amene amagawanika mosavuta n'kutulutsa kutentha, U-235, amangokhala 0.7 peresenti basi. Ng'anjo za nyukiliya zimene zikupanga magetsi lero zimafuna kuti U-235 akwezedwe kufika pakati pa 3 ndi 5 peresenti. Ng'anjo zatsopano zimene akumanga, zing'onozing'ono ndiponso zotha kuyaka nthawi yaitali osawonjezera mafuta, zambiri zimafuna woposa 5 koma wosafika 20 peresenti. Ameneyo ndiye HALEU. Wa mabomba amakhala cha m'ma 90 peresenti.

Kukwezako kuli ngati kupeta. Yureniyamu amamusandutsa mpweya pomuphatikiza ndi fluorine, n'kukhala UF6, kenako amamuzungulitsa mothamanga kwambiri m'makina otchedwa centrifuge. Wolemerayo amakankhikira m'mphepete, wopepukayo amatsalira pakati. Kupeta kamodzi kumangosintha pang'ono zedi, choncho makinawo amawalumikiza m'mizere kuti mpweya uzidutsa kambirimbiri. Ndipo pamene pali kupeta, gaga sakhala patali. Ndibwererako.

Chimene chapangitsa America kuthamanga ndi Russia. Kwa zaka zambiri, wogulitsa HALEU pamsika anali mmodzi yekha, kampani ya boma la Russia ya Rosatom kudzera ku nthambi yake ya TENEX. Nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu 2022, kampani ya TerraPower inalengeza kuti ng'anjo yake ya Natrium ku Kemmerer, m'chigawo cha Wyoming, ichedwa ndi zaka ziwiri kapena kuposa chifukwa chosowa mafuta. Chaka chomwecho boma la America linapatula madola 700 miliyoni a ntchito ya HALEU, ndipo mu May 2024 linakhazikitsa lamulo loletsa kugula yureniyamu wokwezedwa ku Russia, kusiyapo chilolezo chapadera mpaka kumapeto kwa 2027. Ku America komweko, fakitale ya Centrus ku Piketon, m'chigawo cha Ohio, inayamba kupanga HALEU mu October 2023 ndi makina 16 okha, otha kutulutsa makilogalamu pafupifupi 900 pachaka. Mlingo umene boma likufuna kugula ndi matani okwana 290 m'zaka 10. Mukuona nokha kutalika kwa mtunda pakati pa zimene zilipo ndi zimene akufuna.

Tsopano lipoti lija. Linalembedwa ndi unduna wa zamphamvu, Department of Energy, motsatira lamulo la NEPA limene Richard Nixon anasaina pa 1 January 1970. Lamuloli limati boma lisanachite ntchito yaikulu, liyenera kulemba zimene ntchitoyo ingawononge, kuyerekeza ndi njira zina, ndi kumva maganizo a anthu. Lipoti loyambirira linatuluka mu March 2024, anthu anapereka ndemanga, lomaliza linatuluka mu October chaka chomwecho. Linatsatira ulendo wonse wa yureniyamu, kuchokera ku mgodi, kusandutsidwa mpweya, kukwezedwa, kubwezeredwa kukhala ufa kapena chitsulo, kusungidwa, kunyamulidwa pamsewu, mpaka kupangidwa mafuta.

Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi iyi: pamene lipotili linkalembedwa, malo omangapo mafakitale anali asanasankhidwe. Olemba anatenga malipoti akale a mafakitale ofanana nawo n'kunena kuti, ngati ntchito ichitikira pa fakitale imene ilipo kale, kuwonongeka kudzakhala kochepa, ndipo ngati idzamangidwa pa malo atsopano, kungakhale kokulirapo malinga ndi malowo. Sananame ayi. Koma munthu wokhala pafupi ndi mpanda safunsa za fakitale yongoyerekeza. Amafunsa za chitsime chake, za kumene mphepo imawombera, za msewu umene magalimoto onyamula mitsuko ya UF6 adzadutse. Mafunso amenewo anasiyidwa kuti adzayankhidwe kampani iliyonse ikamapempha chiphaso ku bungwe loyang'anira zanyukiliya la NRC.

Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti NEPA siletsa ntchito yowononga. Khoti lalikulu la dzikolo linagamula mu 1989 kuti lamuloli limangokakamiza boma kudziwa zotsatira lisanachite, osati kusankha njira yabwino. Boma likhoza kulemba kuti mtsinje udzaipitsidwa, n'kupitirizabe, ndipo silinaphwanye lamulo limeneli. Masiku ano ngakhale kuunikako akukufupikitsa. Mu 2023 anaika malire akuti lipoti lisapitirire masamba 150, kapena 300 pa nkhani zovuta, ndipo lithe m'zaka ziwiri. Mu May 2025 khoti lalikulu linagamulanso, pa mlandu wa njanji ya ku Utah, kuti nthambi za boma sizikakamizidwa kuunika zotsatira za ntchito zina zakutali ndi imene zikuvomereza. Ena akusangalala kuti zinthu ziziyenda msanga, ndipo n'zoona kuti malipoti ena ankatenga zaka zambiri mopanda phindu. Ine nkhawa yanga ndi yakuti kufulumirako kukudza nthawi yomweyo imene mafunso enieni a malo akuyamba kufunsidwa.

Ndikuuzeni za Piketon, chifukwa kumeneko si malo atsopano. Kuyambira 1954 mpaka 2001 kunali fakitale yaikulu yokweza yureniyamu, wa mabomba ndi wa magetsi womwe. Mu May 2019 sukulu ya Zahn's Corner, makilomita ochepa kuchokera pa fakitale yakaleyo, inatsekedwa atapeza tizidutswa ta yureniyamu wokwezedwa m'kati mwa nyumba ya sukulu, ndipo makina oyeza mpweya chapafupi anali atagwira neptunium-237, chitsulo china chotulutsa cheza choopsa. Unduna unanena kuti mlingo wake unali wochepa kwambiri kuposa umene ungavulaze munthu. Makolo sanakhutire, ana anasamutsidwa. Makina a Centrus a lero ndi osiyana ndi akalewo, amadya magetsi ochepa pafupifupi ka 50 ndipo ndi aukhondo kuposa aja. Komabe taganizirani mayi amene anachotsa mwana wake pa sukulu ija, lero akuuzidwa kuti pa malo omwe alipo kale vuto ndi lochepa. Mawu akuti lochepa akuyeza zimene zidzawonjezereke, sakuwerengera katundu amene anthuwo asenza kale.

Nanga gaga uja? Ndinawerengera pa bolodi ndi ana a Fomu 4. Kuti mupeze kilogalamu imodzi ya HALEU wa pafupifupi 20 peresenti, pamafunika makilogalamu pafupifupi 40 a yureniyamu wachilengedwe. Ndiye matani 290 akufuna matani cha m'ma 12,000, ndipo pafupifupi onsewo amatsala ngati gaga. Gaga wa chimanga timapatsa nkhuku, uyu amatsekeredwa m'mitsuko yachitsulo yaikulu yoposa matani 10 umodzi. Ku Piketon ndi ku Paducah, m'chigawo cha Kentucky, kunaunjikana matani oposa 700,000 kuchokera ku ntchito yakale. Mukaona zithunzi zake, ndi mabwalo aakulu, mitsuko masauzandemasauzande itagonekedwa m'mizere panja, ina pamwamba pa inzake, mvula ndi chipale zikuigwera. Cheza chake n'chochepa. Choopsa ndi mankhwalawo, chifukwa UF6 akakhudzana ndi chinyezi amatulutsa asidi wa hydrogen fluoride amene amawotcha mapapo. Mu January 1986 ku Gore, m'chigawo cha Oklahoma, mtsuko wodzaza mopitirira muyeso unaphulika akuutenthetsa, wantchito mmodzi anafa atapuma mpweyawo. Mafakitale osandutsa gagayu kukhala ufa wosavuta kusunga alipo ndipo akugwira ntchito, koma muluwo udzatenga zaka makumi kuti uthe.

Pali ngozi ina imene imakula yureniyamu akamakwezedwa, ndipo iyi ndiyo imandikhudza kwambiri. Akamachuluka U-235, mlingo wochepa chabe ukaunjikana pamalo amodzi umatha kuyamba kugawanika wokha. Zinachitika pa 30 September 1999 ku Tokaimura, ku Japan, pa fakitale ya JCO. Antchito atatu ankakonza mafuta a 18.8 peresenti, mlingo womwewu wa HALEU, a ng'anjo yoyesera ya Joyo. Pofuna kufulumira, ankasungunula ufa wa yureniyamu m'zidebe zachitsulo n'kumathira pamanja m'thanki yotakata imene sinapangidwire zimenezo, mmodzi atagwira fanelo, wina akutsanulira. Malire anali makilogalamu 2.4, iwo anafika cha m'ma 16. Pa chidebe chachisanu ndi chiwiri anaona kuwala kwa buluu. Panalibe kuphulika kwa bomba, nyumba sinagwe, koma kugawanikako kunapitirira maola pafupifupi 20. Awiri mwa atatuwo anamwalira patapita miyezi akuvutika m'chipatala, ndipo anthu oposa 300,000 ozungulira anauzidwa kuti asatuluke m'nyumba. Anthuwa anazolowera kugwira yureniyamu wa 5 peresenti, amene amakhululuka cholakwa chotere. Pa pepala njira yovomerezeka inalipo. Chimene chinasowa ndi maphunziro okwanira ndi woyang'anira wofika pamalo pantchito. Lipoti la chilengedwe limawerengera ngozi poganiza kuti malamulo adzatsatidwa, ndipo lilibe mphamvu yoonetsetsa kuti patapita zaka 15 adzakhala akutsatidwabe.

Za bomba, ndiyankhe mosabisa. Malire a 20 peresenti anaikidwa kalekale ngati mzere wosiyanitsa yureniyamu wamtendere ndi woopsa, ndipo HALEU ali pansi pa mzerewo. Koma mu June 2024 asayansi asanu, mwa iwo Richard Garwin ndi Frank von Hippel, analemba m'magazini ya Science kuti HALEU woposa 12 peresenti, akakhala wochuluka, angathe kupangidwa chida, ndipo anapempha chitetezo chokhwima. Akatswiri ena anatsutsa mwamphamvu. Chimene onse amavomereza n'chakuti pofika 20 peresenti, gawo lalikulu la ntchito yokweza mpaka 90 limakhala litachitika kale. N'chifukwa chake mafutawa amafuna alonda ndi kawerengedwe kokhwima kuposa a masiku onse.

Musandimve ngati wodana ndi nyukiliya. Pafupifupi gawo limodzi mwa asanu la magetsi a ku America limachokera kumeneko popanda utsi wa malasha, ndipo utsi umenewo umapha anthu ambiri chaka ndi chaka mwakachetechete. Mafuta ena a HALEU, monga TRISO amene akukonzekera kupanga ku Oak Ridge, m'chigawo cha Tennessee, ndi timbewu ting'onoting'ono ngati mawere, kalikonse kokutidwa ndi zikopa zolimba zopirira kutentha kwakukulu. Ndi luso lenileni. Koma mafuta otha ntchito alibebe kwawo. Phiri la Yucca ku Nevada linasankhidwa mu 1987 kukhala nkhokwe yake, ntchitoyo inaima, ndipo matani pafupifupi 90,000 akusungidwa pa malo a ng'anjo zomwezo.

Mbali ya mgodi ndiyo imafika mpaka kwathu. Ku America komweko, a mtundu wa Navajo ali ndi migodi yosiyidwa yoposa 500 m'dera lawo. Pa 16 July 1979 damu la zinyalala za yureniyamu linagumuka ku Church Rock, m'chigawo cha New Mexico, madzi oipa n'kusefukira mu mtsinje wa Puerco umene ziweto zawo zinkamwamo. Mu 2005 analetsa kukumba yureniyamu m'dziko lawo. Koma yureniyamu wambiri amene America imagwiritsa ntchito amagulidwa kunja, ku Canada, Kazakhstan, Australia ndi kwina, ndipo lamulo la NEPA silifika ku migodi imeneyo. Misika ikamafuna yureniyamu wochuluka, mitengo imakwera, migodi yogona imadzuka. Kayelekera ku Karonga, amene anakumbidwa kuyambira 2009 n'kuima mu 2014 mitengo itagwa, anayambanso mu 2025 pansi pa Lotus Resources. Sindikunena kuti yureniyamu wathu ndiye akupita ku Piketon. Ndikunena kuti madzi a ku Kayelekera amatsikira mu Sere, Sere mu North Rukuru, North Rukuru m'nyanja, ndipo amene ali ndi udindo woyeza madzi amenewo ndi mabungwe athu a MEPA, loteteza chilengedwe, ndi AERA, loyang'anira zanyukiliya, osati a ku Washington.

Ndiye achemwali, mukaonanso nkhani yakuti kampani yakuti yapempha chiphaso ku NRC, kaya ndi Centrus, Urenco ya ku Eunice ku New Mexico, Orano kapena General Matter, zinayi zimene unduna unasankha mu October 2024 kuti zidzapange HALEU, lipoti la chilengedwe la chiphaso chimenecho ndilo loyenera kulitsegula. Yang'anani kuti gaga adzasungidwa kuti ndipo kwa zaka zingati, ndani adzalipira fakitale ikadzatsekedwa, zoyeza mpweya ndi madzi zidzatulutsidwa poyera kapena ayi, komanso kuti anthu a m'deralo apatsidwa masiku angati oti ayankhe. Likatuluka, munditumizire tidzawerengere limodzi.