Funsani Amakaniko: makina otsukira oyendera mafuta, ndigule ati?

FUNSO: Amakaniko, ndine mnyamata wa ku Area 25 ku Lilongwe. Ndakhala ndikutsuka galimoto ndi ndowa ndi chiguduli m'mbali mwa msewu, ndipo ndasungako kangachepe. Amalume alonjeza kuwonjezerapo. Ndikufuna makina otsukira oyendera petulo chifukwa pamalopo palibe magetsi, ngakhale mpopi palibe, madzi timachita kugula m'migolo. M'sitolo ina ndaona makina a mitundu iwiri, onse injini zake alemba 6.5 HP. Ena pakatoni alemba 300 bar ndipo ndi otchipa. Ena alemba 180 bar koma mtengo wake ndi pafupifupi kawiri. Kodi si nzeru kutenga amphamvuwo, poti ndiwonso otchipa? Wotsuka galimoto, Area 25.

YANKHO: Mphwanga, mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'thumba. Ambiri amandipeza makina ali kale pakabaza, akudontha madzi.

Makina amenewa ali ndi nambala ziwiri, koma ogulitsa amakonda kukuwa imodzi yokha. Yoyamba ndi mphamvu yomwe madzi amatulukira, yomwe amaiyeza mu bar kapena PSI, ndipo bar imodzi ndi PSI pafupifupi 14.5. Yachiwiri, ija amailemba ndi timalemba ting'onoting'ono kumbuyo, ndi malita omwe amatuluka pa mphindi imodzi. Mphamvu imamatula matope, koma chowakokolola kuwachotsa pagalimoto ndi kuchuluka kwa madzi. Makina olasa mwamphamvu koma otulutsa timadzi tochepa amakuchedwetsani, minibasi imodzi mumatha nayo nthawi yomwe mnzanu watsuka ziwiri.

Tsono tengani foni yanu tiwerengere limodzi. Chulukitsani bar ndi malita a pa mphindi, kenako mugawe ndi 600. Zomwe mupeze ndi ma kilowatt omwe pampu ikufuna kwa injini, tisanawerengere mphamvu yotayika m'njira. Injini yomwe amaimata chizindikiro cha 6.5 HP kawirikawiri imakhala ya 196cc. Ya Honda yeniyeni, GX200, eni ake amalemba kuti imatulutsa 4.3 kW. Makina a 200 bar otulutsa malita 12 pa mphindi akufuna 4 kW, ndiye kuti injiniyo yafika kale pakhosi. Nanga a 300 bar? Ngakhale atatulutsa malita 10 okha, akufuna 5 kW, mphamvu yomwe injiniyo ilibe. Onjezerani izi: injini imafooka ikakhala kumtunda chifukwa mpweya umapepuka. Buku la Honda limati pa mamita 300 aliwonse okwera, mphamvu imatsika ndi 3.5 pa 100 iliyonse. Lilongwe ali pa mamita opitirira pang'ono 1,000, choncho injini yanu yataya kale pafupifupi 12 pa 100 musanaikoke n'komwe chingwe. Wa ku Dedza kapena ku Mzuzu amataya zoposa pamenepo. 300 bar ija ndi ya pakatoni basi.

Komanso simukuifuna. Galimoto imayera bwinobwino ndi bar 100 mpaka 130. Mukapyola kwambiri, n'kuyandikitsanso mfuti, mumayamba kusenda penti, kumatula masitika a minibasi ndi kulowetsa madzi momwe muli mawaya. Mwini galimoto sadzafunsa kuti makina anu ndi a bar zingati, adzangofuna kuti mulipire penti yake.

Chomwe ndikufuna mukaone mukabwerera kusitoloko ndi pampu, chifukwa ndi pomwe pagona kusiyana kwa mitengoyo. Injini zotchipazi zambiri n'zofanana, zija amazilemba 168F, zotengera kapangidwe ka Honda. Ndi zomwezomwe zili pa mapampu othiririra kudimba ndi pa majenereta ang'onoang'ono, ndiye kabuleta, pulagi, chingwe chokokera, zonsezo mungazipeze pamsika uliwonse waukulu ndipo makaniko aliyense wa majenereta amazidziwa. Injini sikundidetsa nkhawa. Pampu ndi ina.

Pali pampu ya axial ndi pampu ya triplex. Ya axial ndi yaing'ono, yopepuka, nthawi zambiri mutu wake ndi wa aluminiyamu, ndipo zambiri anazitseka moti simungasinthe oyilo. Anaipangira bambo wotsuka galimoto yake Loweruka ndi khonde lake kamodzi pamwezi. Mukaiika pa ntchito ya m'mawa mpaka madzulo imatentha, imatha msanga, ndipo ikatha mumangogula ina yonse. Ya triplex ili ndi mapisitoni atatu oyenda mondondozana, kabokosi kake ka oyilo kokhala ndi kagalasi koonera kapena kamtengo koyezera, ndi mutu wolemera wachikasu wa brass, wokhala ndi zitsekerero zikuluzikulu zisanu ndi chimodzi. Pansi pa zitsekererozo ndi pomwe pali mavavu. Imeneyi imamasulidwa: timphira tikatha mumasintha timphira, vavu ikadyeka mumasintha vavu. Mayina odziwika ndi a ku Italy, monga Annovi Reverberi, yomwe imangolembedwa AR, Interpump, Comet ndi Hawk. Ziliponso za ku China zotengera zomwezi, ndipo sindizinyoza, bola wogulitsayo akuonetseni timphira ndi mavavu ake zili pashelefu, osati akuuzeni kuti zikubwera mwezi wamawa.

Ndikuganiza kuti a 180 bar aja ndi a triplex, n'chifukwa chake akudula. Ngati zili choncho, tengani amenewo. Ngati ndalama sizikukwana, ndibwino mupitirize ndi ndowa miyezi ina ingapo kusiyana n'kumwaza ndalama za amalume.

Koma mwanenapo chinthu china mongodutsa, chomwe kwa ine ndiye nkhani yaikulu: pamalopo palibe mpopi. Mapampu ambiri omwe ndimamasula sanafe ndi ukalamba ayi, anaphedwa ndi madzi. Makina otulutsa malita 12 pa mphindi amamaliza mgolo wa malita 200 m'mphindi 17 zokha ngati simukuleka kupopera. Werengerani pamenepo mtengo wa mgolo musanaike mtengo wotsukira galimoto. Thanki ya malita 1,000, zija zokhala m'chikhola cha zitsulo, ingakupepuzeni.

Chachiwiri, pampu yolumikizidwa mwachindunji ku injini imazungulira maulendo pafupifupi 3,400 pa mphindi, ndipo siyamwa bwino madzi ochokera pansi. Imafuna madzi aziibwerera okha. Ikani thanki pamwamba, pa nsanja ya njerwa kapena ya zitsulo, kuti potulukira madzi pakhale pamwamba pa pampu. Paipi yochokera kuthanki ikhale yaifupi, yonenepa, yosapindika, ndipo polumikizira pasalowe mpweya. Pampu ikamaperewera madzi imalira mokhadzula, ndipo m'katimo zitsulo zikudyeka. Alipo makina ena okhala ndi lamba kapena kagiya pakati pa injini ndi pampu, omwe pampu yake imazungulira maulendo pafupifupi 1,450 okha. Amenewo amayamwa bwino, satentha msanga, amakhalitsa, koma mtengo wake ndi wa munthu yemwe bizinesi yake yakhazikika kale.

Chachitatu ndi mchenga. Madzi a pachitsime, a mumtsinje, ngakhale a pampopi akangobwera kumene atasowa, amakhala ndi timchenga. Kasefa kang'ono komwe kamabwera ndi makina sikokwanira. Gulani sefa yaikulu yoika pakati pa thanki ndi pampu, muziitsuka tsiku lililonse, ndipo madzi atsopano muziwasiya adikhe kaye. Musatengere madzi pansi penipeni pa thanki.

Pali khalidwe lina la anyamata a pa car wash lomwe limandipatsa ntchito kwambiri. Munthu wapopera galimoto, wasiya mfuti pansi injini ikulirabe, wayamba kupaka sopo kapena kunenerera mtengo ndi dalaivala wina. Mukasiya kukoka mfuti, vavu ija amati unloader imabweza madzi omwewo kuti azingozungulira m'pampu. Pakangopita mphindi ziwiri kapena zitatu madziwo atentha, timphira tayamba kupsa. Kenako mukakoka mfuti, madzi ozizira amalowa pa mapisitoni otentha, ndipo poti ndi a ceramic, amatha kung'aluka. Zimitsani injini mukamapaka sopo. Apo ayi, uzani makaniko akulumikizireni kapaipi kobweza madziwo kuthanki.

Za mafuta, GX200 ikamagwira mwamphamvu imamwa malita pafupifupi 1.7 pa ola, ndipo thanki yake ndi ya malita 3.1. Zotengerazo sizitalikira pamenepo. Kumbukirani kuti mafuta akasowa, bungwe la MERA limaletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo, ndiye ganiziranitu momwe muzidzapezera petulo masiku amenewo. Wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu simudziwa chomwe athiramo. Petulo wathu kuno amamusakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Makina akakhala milungu osagwira ntchito, tsekani kampopi ka mafuta, musiye injini izime yokha, kuti kabuleta isatsale ndi petulo. Oyilo wa injini ndi malita 0.6, woyamba musinthe pakatha maola 20, kenako maola 100 aliwonse, koma pa fumbi la Lilongwe la mwezi wa Okutobala ine ndingafupikitse. Oyilo wa pampu ndi wina, musathiremo wa injini mwachisawawa, onani zomwe buku lake lanena.

Musalipire makina ali m'katoni. Awatulutse, alumikize madzi, awalize, mupopere nokha kwa mphindi zingapo mukuyang'ana pansi pa mutu wa pampu ngati pakudontha. Risiti ilembedwe masiku omwe mungabweze.

FUNSO: Ndine mayi woweta nkhumba ndi nkhuku cha ku Lunzu. Antchito anga amatha tsiku lonse akukwecha makola. Ndigule makina a petulo kapena a dizilo? Nanga ndingawalowetse m'khola momwemo kuti paipi ifike paliponse? Mayi wa ziweto, Lunzu.

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi la moyo. Ayi, musawalowetse. Utsi wa injini uli ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe ulibe fungo kapena mtundu. Wantchito amangomva mutu ndi chizungulire, kenako wagwa, ndipo kutsegula mawindo si chitetezo chokwanira. Makina akhale panja, kutali ndi khomo, mugule paipi yaitali. Yomwe imabwera ndi makina imakhala ya mamita pafupifupi 10, koma za mamita 20 kapena 30 zokhala ndi waya m'kati zimapezeka.

Dizilo ndi wa munthu wopopera maola ambiri tsiku ndi tsiku, monga otsuka malole ndi mathirakitala. Injini yake imamwa pang'ono ndipo imakhalitsa, koma ndi yodula, yolemera kuikankha, yaphokoso, ndipo ikavuta pa jekeseni wa mafuta si makaniko aliyense angaigwire. Ngati makola mumatsuka kangapo pa sabata, kapena mukagulitsa nkhuku musanaike anapiye ena, petulo akukwanirani. Inu muyang'ane kwambiri malita, chifukwa ndowe zimafuna madzi ambiri ozikankha. Ngati thumba likulola, onani a injini ya 389cc, ija ya 13 HP, omwe amatulutsa malita 15 pa mphindi, koma dziwani kuti amamwa petulo kawiri kuposa ang'ono aja.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi pogula. Makina ena amawatchula kuti a dizilo, pomwe dizilo wakeyo ndi wongotenthetsera madzi, pampu imayendera magetsi. Ndi abwino pochotsa girisi, koma magetsi akazima nawonso azima.

Timilomo toika kumapeto kwa mfuti tili ndi mitundu. Kofiira kamalasa malo amodzi ngati singano, kachikasu kamatambasula madigiri 15, kobiriwira 25, koyera 40, kakuda n'kopoperera sopo. Pa simenti ya khola gwiritsani kachikasu kapena kobiriwira. Kofiirako kabiseni, kamakumba simenti ndipo kamaboola nsapato. Ngati zipupa za makola anazimanga ndi dothi, kapena pulasitala wake ndi wofooka, musalozeko mfuti n'komwe, mudzaona njerwa zikutsala pamtunda. Ziweto muzitulutse kaye. Ndipo makinawa amachotsa litsiro, sapha tizilombo ta chigodola kapena chitopa. Mukatsuka, khola liume, kenako mupopere mankhwala omwe alangizi a ziweto akuuzani.

FUNSO: Achimwene anga ananditumizira makina kuchokera ku Johannesburg. Agwira bwino miyezi iwiri, tsopano madzi akutuluka modukizaduka ndipo paipi ikunjenjemera. Injini ikulira bwinobwino. Afa? Wa ku Mangochi.

YANKHO: Sanafe, achimwene. Yambani ndi zosafuna sipanala. Zimitsani injini, kokani mfuti kuti mphamvu yotsalira ituluke, chotsani kamlomo mukayang'anitse kudzuwa. Ngati katseka, katokoseni ndi kawaya kopyapyala. Tsukani sefa. Kenako, injini ili chizimire, siyani madzi adutse m'pampu ndi m'paipi mpaka atasiya kulavula mpweya, ndipo muone ngati paipi yobweretsa madzi yang'ambika kapena yakhwepa polumikizira. Zikapitirira, ndiye kuti kamchenga kakhala pa vavu imodzi, zomwe sizingandidabwitse ngati mumatunga m'nyanja kapena mu Shire. Makaniko amasule zitsekerero zija, atsuke mavavu. Pofufuza pomwe pakudontha musagwiritse chala injini ikulira. Madzi amenewa amaboola khungu n'kulowa m'kati, bala limaoneka laling'ono koma limawononga mnofu, choncho zikachitika pitani kuchipatala tsiku lomwelo, mukawauze kuti ndi makina opopera. Ngati pakufunika timphira tatsopano, jambulani kachitsulo kolembedwa dzina ndi nambala ya pampu, osati ya injini, muwatumizire achimwenewo pa WhatsApp akaguliretu mapaketi awiri.